Veronica Anazula Mano a Chilombo cha M'chitsime

Loweruka lililonse m'mawa, nyumba ya a Griffin ndi mayi Veronica ku South B, mumzinda waukulu wa dziko la Kenya, inkakhala ngati pa depoti ya basi. Uyu akusaka makiyi a galimoto, uyo akufunsa komwe kwapita nsapato inzake, tiyi akuzizira patebulo. Lusekero, mwana wawo mmodzi yekhayo wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankakhala ali kale pakhomo, kachikwama kali kumsana, akupondaponda.

"Amama, fulumirani! A Salvu ayamba ife kulibe!"

Ulendo unali wa ku Kawangware. Kumeneko, kuseri kwa tchalitchi china, kunali kaholo ka malata komwe ana a m'deralo ankasonkhana kudzawerenga mabuku ndi kumvera nthano. Veronica ankapitako mongodzipereka. Mkati mwa sabata ankagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu loona za maphunziro a ana, ndipo ntchitoyo ankaidziwa, tisamunamizire. Madigiri anali nawo awiri, mtima wabwino analinso nawo. Vuto lake linali limodzi lokha: chinthu akachiwerenga m'buku, kaya akachilemba yekha mu lipoti, ndiye kuti nkhani yatha, olo mutamugwadira.

Amene anayambitsa kaholoko anali a Salvu, nkhalamba ya ku Malta, kachilumba ka pakati pa nyanja kumpoto kwa Africa. Anabwera ku Kenya zaka makumi atatu zapitazo kudzamanga mathanki a madzi m'mamishoni, ndipo njira yobwerera kwawo anaiiwala. Anali munthu wamfupi, wamimba, wolusa ngati mavu, wa mano atatu okha kutsogolo. Chiswahili chawo chinali chothyokathyoka moti ngakhale mwana wa nazale akanawakonza. Koma akati ayambe nthano, abale inu, ana ankaiwala ndi kumeza malovu komwe.

Ankawasimbira za kwawo. Za maboti a asodzi openta maso kutsogolo kuti aziona zoipa zisanafike. Za matchalitchi okhala ndi mawotchi awiri, ina yoona ina yonama, kuti Satana asadziwe nthawi ya Misa. Za chimayi champhamvu chomwe chinkasenza miyala yaikulu ngati minibasi, mwana ali m'manja. Chifukwa cha nthano zimenezi, ana a ku Kawangware oti ngakhale ku Mombasa sanafikeko ankatha kuloza Malta pa mapu, kuwerenga mpaka khumi m'chinenero cha kumeneko, ndi kulemberana makalata ndi anzawo a pasukulu ina ya pachilumbapo.

Panali nthano imodzi yomwe a Salvu ankayamba nayo Loweruka lililonse, kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa. Inali ya chilombo chokhala m'zitsime. Dzina lake polilemba limathyola bolopeni, koma politchula limamveka kuti Beliya, kutanthauza chomeza. A Salvu ankati chilombocho chimagona pansi pa madzi akuda, chili chete, kudikira mwana woti asuzumire. Mwana akangoti mutu suzu, icho chimatulutsa chimwendo chachitali cha zala zambirimbiri, n'kumukola pakhosi, n'kumukokera pansi, ndipo amake amangopeza nsapato. Pofika pamenepa nkhalambayo inkatuzula maso, n'kubangula, mano atatu aja ali pamtunda. Ana ankakuwa, kugwirana, ena kubisa nkhope m'madiresi a anzawo. Kenako ankaseka n'kumati, "Tena, Mzee! Tena!" kufuna kuti abwerezenso.

Veronica nthano imeneyi inkamunyansa, ndipo anali ndi zifukwa zake. Ali mwana ku Mponela, azakhali ake ankamuopseza ndi za afiti mpaka ankakodza pogona ali ndi zaka khumi, ndipo manyazi a zimenezo sanamuchoke mpaka ukulu. Analumbira kuti wake mwana sadzaleredwa ndi mantha. Ndiye taganizani mmene mtima unamupwetekera tsiku lina Lusekero atakana kusuzumira ngakhale m'ndowa ya kubafa. Ku ofesi, Veronica yemweyo ndi amene analemba malangizo oti mwana asaphunzitsidwe pomuopseza. Loweruka lililonse ankakhala pa benchi yakumbuyo akumva malangizo ake akupondedwa ndi nkhalamba yopanda ngakhale satifiketi ya uphunzitsi.

Kuseri kwa kaholoko, kupitirira khitchini, pakati pa nthochi, panali chitsime chomwe a Salvu anamanga kalekale. Sichinali chokumba mpaka kupeza kasupe ayi, chinali chithanki cha pansi chosunga madzi a mvula ochokera padenga la tchalitchi, monga amachitira kwawo komwe kulibe mitsinje. Chivindikiro chake chachitsulo anyamata ogulitsa zitsulo zakale anachiba kawiri konse. Kachitatu a Salvu anatopa, n'kungoyalapo matabwa ndi lata, pamwamba n'kutsamiritsa mwala. Ana ankasewera paliponse pabwalopo, kukwera mpanda, kuthamangitsa nkhuku za abambo mfumu, koma ku nthochi kuja sankapondako. Veronica ankaziona zimenezi n'kumayamikira mumtima kuti ana a kuno ndi omvera.

Mwezi wa Malichi, ng'ala inawakulira a Salvu m'maso onse awiri, ndipo achibale awo anawaitanitsa ku Malta kuti akachitidwe opaleshoni. Tsiku lotsanzika anamupatsa Veronica kope lakale lothimbirira, lodzaza ndi nthano zolembedwa pamanja.

"Binti," anatero, poti ndi mmene ankamutchulira, kutanthauza mwana wamkazi, "zonsezi uzisintha mmene ungafunire. Ufupikitse, utalikitse, uikemo nyimbo za kwanu, zili ndi iwe. Koma ya Beliya uziyamba nayo nthawi zonse, ndipo usaichotse ngakhale dzino limodzi. Wamva?"

"Sawa, Mzee," anavomera Veronica akumwetulira.

Sanafunse chifukwa chake. Nawonso a Salvu, poti anali munthu wosazolowera kufotokoza zochita zawo, sananene. Takisi inali ikuliza hutala panja.

Lachinayi lotsatira, ataweruka kuntchito, Veronica anakhala patebulo ndi laputopu yake, kope lija lili pambali. A Griffin anabwera ndi kapu ya tiyi n'kuima kumbuyo kwake, akuwerenga.

"Mayi a Luse, kodi si iyi mkulu uja anati musaikhudze?"

"Ndikungoikonza pang'ono."

"Pang'ono? Apa ndikuona chilombo chija chasanduka kamtsikana kolira."

"Bambo a Luse, ana aja ambiri aona kale zoopsa zokwanira pamoyo wawo. Ena amagona ndi njala, ena makolo awo amamenyana pamaso pawo. Ndiye Loweruka, tsiku limodzi lokhalo loti asangalale, tiziwaopsezanso? Ayi, ine sindingachite zimenezo."

"Zomveka ndithu. Koma bwanji osawaimbira kaye a Salvu, muwafunse kuti ankalimbikira chiyani? Foni ali nayo."

"Ndiwafunse chiyani? Ndi ukalamba basi. Iwo anaopsezedwa ali ana, ndiye akuona ngati ndi mmene ziyenera kukhalira."

"Ine za maphunziro a ana sindizidziwa, koma..."

"Mwanena nokha kuti simuzidziwa," anatero Veronica, maso ali pa laputopu.

A Griffin anamwa tiyi wawo n'kupita kukaonera mpira. Anali munthu wodziwa pothera mkangano m'nyumba mwake.

Nthano yatsopanoyo inali yokoma, ndisabise. Veronica anali ndi luso. Beliya wake anali kamtsikana kamanyazi kokhala kokhakokha pansi pa chitsime, kosunga madzi kuti anthu a pachilumba chouma asafe ndi ludzu. Kankalira tsiku ndi tsiku chifukwa ana ankakathawa, atanamizidwa kuti ndi koopsa. Kenako kunabwera mwana wina wolimba mtima ndi wachifundo amene anapita pachitsimepo, n'kukaitana dzina mwaulemu katatu, n'kukaponyera duwa. Pamenepo Beliya anaonetsa nkhope yake pamwamba pa madzi, akumwetulira, ndipo awiriwo anakhala mabwenzi mpaka kalekale. Phunziro lake linali lakuti tisaweruze munthu tisanamudziwe. Ndani angatsutse phunziro lotere?

Loweruka loyamba atawasimbira nthanoyo, ana anadabwa. Kamnyamata kena kanakweza dzanja, n'kumuitana mmene amaitanira mphunzitsi m'Chiswahili.

"Mwalimu, nanga chimwendo chija?"

"Palibe chimwendo, mwana wanga. Zimene zija ankangonena anthu osamudziwa Beliya. Iye sapweteka ana."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

Loweruka lachiwiri anajambula zithunzi za Beliya, ena atamuveka diresi la buluu, ena atamuluka tsitsi. Veronica anaphunzitsirapo za kusunga madzi, za mvula, za kusiyana kwa chilumba ndi mtunda. Anatumiza zithunzizo kwa bwana wake, ndipo bwanayo anayankha kuti ntchito yotereyi ndi yofunika kuisindikiza kuti mayiko ena aonereko. Kunyumba Lusekero anasiya kuopa ndowa. Veronica anawayang'ana a Griffin ndi diso lija la munthu wopambana mlandu, iwo n'kungokweza manja m'mwamba.

Mvula ya Epulo inafika ndi ukali wake. Inagwa sabata yathunthu, misewu ya ku Kawangware n'kusanduka phala, chitsime chija n'kudzaza mpaka kutsala pang'ono kufika kukamwa. Matabwa aja, omwe anali atadyedwa kale ndi chiswe, anamwa madzi n'kufewa.

Loweruka lachitatu kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Nthawi yopuma itakwana, Mama Nekesa, mayi wophikira anawo, anagawa tiyi ndi mandasi. Veronica anatsalira m'holo akusanja zithunzi zoti zitumizidwe ku Malta. Sanaone kuti ana anayi atsetsereka kuseri kwa khitchini. Wotsogolera anali Lusekero, duwa lofiira lothyola pampanda lili m'manja. Nanga si iye ndiye anali mwana wa aphunzitsi, woidziwa nthanoyo kuposa onse? Anzake anamuthandiza kugubuduza mwala ndi kukoka lata. Iye anagwada pa thabwa, n'kuitana mwaulemu monga anaphunzitsidwira.

Chimene Veronica anamva ndi kukuwa kwa kamtsikana kotchedwa Akinyi, kakuthamanga kulowa m'holo.

"Mwalimu! Luse! Luse wagwera kwa Beliya!"

Mmene Veronica anadutsira pakati pa mabenchi sakumbuka mpaka lero. Anapeza thabwa lathyoka pakati, madzi akuda akuwinduka, duwa lofiira likuyandama. Mwana osaoneka. Veronica sadziwa kusambira, koma anali atakweza kale mwendo kuti adziponyemo pamene Mama Nekesa anamukankhira kumbali ndi mphamvu ya munthu wozolowera kusenza mapoto.

"Gwira miyendo yanga! Gwira, usalire!"

Mayiyo anagona chafufumimba n'kulowetsa mutu ndi mapewa m'chitsimemo, mpaka m'chiuno. Veronica anakumbatira miyendo ija, maondo ake akukhulika pa simenti, akuitana Mulungu m'Chichewa, m'Chingerezi, m'chilichonse chomwe chinabwera pakamwa. Mlonda wa patchalitchi anafika n'kugwira nawo. Kamphindi kameneko kanatalika kuposa zaka zonse zomwe Veronica anakhala pasukulu. Kenako miyendo ija inagwedezeka mwamphamvu, iwo n'kukoka, ndipo Mama Nekesa anatuluka akutsamwa, dzanja lake litakola malamba a ovolosi ya Lusekero.

Mwanayo anali lobodo, milomo itachita bii, osapuma. Apa ndiye maphunziro a Veronica anagwira ntchito yake, poti ku ofesi ankawaphunzitsa chaka ndi chaka za chithandizo choyamba. Anamugoneka chagada, kumuuzira mpweya m'kamwa, kumudina pachifuwa, akuwerenga mokweza misozi ikugwera pankhope ya mwanayo. Ulendo wachitatu Lusekero anagwedezeka, n'kusanza madzi, n'kulira. Kulira kumeneko Veronica amati sanamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo.

Kuchipatala anati madzi ena alowa m'mapapo, dzanja lamanzere lathyoka pomenyetsa pakhoma la chitsime, koma moyo ulipo. A Griffin anafika akuthamanga, malaya atamangidwa mabatani mosemphanitsa. Anamuyang'ana mwana, n'kumuyang'ana mkazi wawo yemwe anali ndi matope mpaka m'tsitsi. Mawu akuti ndinanena ine anali nawo, ndipo anali ndi ufulu wowanena. Sanawanene. Anangovula jekete n'kumufunditsa.

Mawa lake masana Lusekero anatsegula maso bwinobwino. Anawayang'ana amake nthawi yaitali.

"Amama, ndinachita zonse mmene munanenera. Ndinaitana katatu. Sindinakuwe, ndinaitana mwaulemu."

"Ndikudziwa, mwanawe. Gona."

"Ndinamuonadi. Nkhope yake inali pamadzi, amafanana ndi ine. Ndimafuna ndimupatse duwa m'manja, lisanyowe. Nanga anandikokeranji? Inu munati sapweteka ana."

Veronica, munthu wa madigiri awiri uja, anaimirira. Anatuluka m'chipindamo, n'kukakhala pansi m'khonde la chipatala, anthu akudutsa, n'kulira mokweza ngati ali pamaliro kwawo ku Mponela. Chinkamupweteka kwambiri n'chakuti mwanayo sanachite mwano. Anagwera m'chitsime chifukwa chomvera amake.

Atatontholako anaimbira a Salvu. Iwo anawoneka pafoni diso limodzi litamatidwa thonje, ali pakhonde la nyumba ya mchemwali wawo. Veronica anafotokoza zonse osabisa kanthu, ndipo anadikira kubangula kuja. Koma nkhalambayo inangopukuta diso lotsalalo ndi chala.

"Ali moyo?"

"Ali moyo, Mzee."

"Basi. Zinazo ndi zazing'ono." Anapumira m'mwamba. "Binti, kwathu kuno nyumba zakale zili ndi chitsime m'kati mwa mpanda, china m'khitchini mwenimweni. Mayi amatungapo kakhumi pa tsiku, sangamakhome ndi loko nthawi zonse, ndipo sangakhale ndi maso pa ana asanu ndi awiri. Mwana wa zaka zinayi ukamuuza kuti madzi ndi akuya, iye sadziwa kuti kuya n'chiyani. Koma chimwendo chokoka pakhosi amachidziwa. Chivindikiro changa atachiba kachiwiri, ndinaika china m'mitu mwa anawo, poti mmenemo wakuba safikamo. Zaka khumi ndi chimodzi, palibe anapondako."

"Bwanji simunandiuze?"

"Bwanji sunandifunse? Ayi, mlandu ndi wa tonse. Ine ndine chitsiru chokalamba. Ndikanagula chitsulo chachitatu, ndipo ndikanatsegula pakamwa panga n'kukuuza. Ndinazolowera kulamula basi."

Sabata yomweyo a Griffin anapita ku Kawangware ndi amisiri awiri, n'kuumba chivindikiro cha konkire cholemera moti amuna anayi ankachita kuthandizana, n'kuikapo pampu. Veronica anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma Mama Nekesa, akutsuka makapu, anamuuza mosapita m'mbali.

"Mwalimu, mwatseka chimodzi. Kuno zitsime zosavindikira zili pa ploti iliyonse, kuwonjezera maenje a miyala odzaza madzi a mvula. Dzulo ndapeza wanga wamng'ono akuitana Beliya pa dzenje la kuseri kwathu. Ana onse aja apita nayo kwawo nthano yanu, ndipo akuuza azing'ono awo."

Nthano yokoma ija ya Veronica inali ikuyenda yokha m'tinjira ta Kawangware, ikuitanira ana kumadzi.

Loweruka lotsatira holo inadzaza kuposa kale, poti mbiri inali itawanda, ndipo makolo ena anaima m'mawindo. Lusekero anakhala kutsogolo, dzanja lili mu pulasitala. Veronica anaima opanda laputopu, opanda pepala. Pamoyo wake anali atayankhulapo m'misonkhano ya anthu mazana, koma sanaopepo ngati tsiku limenelo.

"Ana inu," anayamba, "ndisananene nthano, ndili ndi mawu. Ndinakunamizani. Ndinakuuzani kuti Beliya ndi kamtsikana kabwino. Si zoona. A Salvu ndi amene ankanena zoona."

Kamnyamata kaja kanakwezanso dzanja, pang'onopang'ono.

"Ndiye chimwendo chija chilipo, Mwalimu?"

Veronica anamuyang'ana mwana wake. Anakumbukira mphasa yonyowa ya ku Mponela, ndi lumbiro lake, ndi malangizo omwe analemba yekha. Zonsezo anazimeza.

"Chilipo," anatero. "Chili m'chitsime chilichonse ndi m'dzenje lililonse la madzi. Sichimva ulemu, sichilandira maluwa. Chinagwira mwana wanga ine ndili pomwe pano, ndipo chikanapita naye."

Kenako anainena nthanoyo yonse monga inalembedwera m'kope lothimbirira lija, osachotsa dzino ngakhale limodzi. Pofika pa chimwendo anatuzula maso n'kubangula, mawu ake akusweka, misozi ikutsika, moti ngakhale azibambo a m'mawindo anabwerera m'mbuyo. Ana anakuwa n'kugwirana. Tsiku limenelo palibe anaseka, palibe anapempha kuti abwereze. Atamaliza anawauza kuti aliyense akainene kwa mng'ono wake asanadye chakudya chamasana.

Ali m'galimoto kubwerera ku South B, atayima pa mzere wautali wa magalimoto, Lusekero anatsamira paphewa la amake.

"Amama, lero munandiopsa."

"Pepa, mwana wanga."

"Sindidzapitanso pachitsime."

Veronica anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Mawu amenewo ndi omwe ankafuna kumva, ndipo anawagula ndi chinthu chomwe analumbira kuti sadzachita. Sikuti malangizo ake onse anali olakwa, ayi. Kuopseza mwana popanda chifukwa ndi nkhanza ndithu, ndipo azakhali a ku Mponela aja sitikuwaikira kumbuyo. Kulakwa kwa Veronica kunali kuona nkhalamba ikubwereza chinthu chimodzi Loweruka lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi, iye n'kungoti ndi ukalamba, osatsegula pakamwa kufunsa. Inu amene mwapatsidwa ntchito ya mnzanu wakale, mukapeza chinthu chooneka chopanda nzeru chomwe iye ankachigwiritsitsa, musathamangire kuchizula. Yambani mwafunsa chimene chakwiriridwa pamenepo, pakuti akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe.